A Titsegule ndi Kamakina Kodana ndi Phokoso

Dzina loti a Titsegule analipeza akadali mnyamata, ndipo linawakanirira ngati chipsera cha moto. Munthu akabwera ndi wailesi yosayankhula, asanamalize n'komwe kufotokoza matenda ake, iwo amakhala atatola kale sikuludiraiva: "Titsegule tione." Wotchi yoima, titsegule. Simbi yosatentha, titsegule. Tsiku lina mayi wina anangoima pakhomo pa shopu yawo kubisala mvula, atanyamula wailesi yatsopano m'bokosi mwake. Pomwe mvula imakata, wailesiyo inali matumbo pamtunda.

Shopuyo inali kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba yosanja, kopanikizika pakati pa telala ndi wowotcherera zitsulo. Munali fungo la fumbi ndi mawaya opserera. Pamwamba pa shelefu panali chitini chakale cha mkaka wa ufa, chodzaza ndi timabawuti. Chinthu chilichonse chimene anakonza m'moyo wawo chinkatsalako kabawuti kamodzi, ndipo iwo sankaona ngati ndi vuto. Ankati ndi umboni.

"Chinthu chilichonse chili ndi kachitsulo kamodzi kogwira ntchito," ankatero akugwedeza chitinicho. "Zinazo n'zongoperekeza."

Koma chimene chinkagwira ntchito kwambiri m'shopumo chinali pakamwa pawo. Ankatsutsana ndi makasitomala, ndi telala, ndi nyengo. Wailesi ikangochira n'kuyamba kuyankhula, ankayamba kuitsutsa pomwepo, mwini wake ali chilili kudikira. Akazi awo, mayi wodekha wokonda kuluka majuzi, ankati m'zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati wawo anali asanamalizepo chiganizo. Akati "Bambo, dzulo ndinakumana ndi...", a Titsegule amakhala atadziwa kale amene anakumana naye, zimene ananena, ndi chifukwa chake anali wolakwa.

Ukalamba unalowera kumaso. Poyamba ankati mababu a masiku ano ndi aulesi. Kenako anati opanga mawotchi ayamba kulemba manambala aang'ono mwadala. Koma tsiku limene anapereka moni kwa chithanki cha gasi cha wowotcherera, n'kukwiya kuti sichikuyankha, akazi awo anawagwira dzanja mpaka kuchipatala.

Dokotala wa maso anati ndi ng'ala, ndipo kuichotsa ndi ntchito yochepa. Koma namwino atawayeza bipi sanakhulupirire nambalayo. Anayezanso. Anagogoda makina ake ndi chala.

"Awonongeka? Titsegule tione," anatero a Titsegule.

"Makinawa ali bwinobwino, agogo. Owonongeka ndinu."

Dokotala anafotokoza mosabisa. Opaleshoni sakanachita magazi akuthamanga chotero. Iye adzabweranso pakatha masabata asanu ndi atatu, ndipo akadzachoka ulendo umenewo sadzaonekanso mpaka chaka chamawa. Bipi ikadzapezeka yotsika, adzatsegula diso limodzi. Ikadzakana, a Titsegule adzakhala chaka china mu nkhungu, shopu ili chitsekere. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwalembetsanso maphunziro okhazika mtima pansi amene ankachitika Lachinayi lililonse m'holo ya kuseri kwa chipatala. Mapiritsiwo akazi awo anawasunga okha, atawapeza amuna awo akutsegula kapisozi kuti aone kambewu kogwira ntchito.

M'holomo munali mikeka khumi ndi iwiri ndi anthu amitima yothamanga. Mphunzitsi anali mtsikana wa mawu otsika kwambiri, moti a Titsegule anaganiza kuti mabatire ake akutha. Anawaphunzitsa njira zisanu. Kuwerenga mpweya polowa ndi potuluka. Kugona chagada n'kumayendera thupi ndi maganizo, kuyambira kuchala chachikulu cha phazi mpaka paliwombo. Kuyenda pang'onopang'ono, ukumva phazi lililonse likutera. Kudya njere imodzi ya mtedza mosafulumira. Ndipo chomaliza, kufunira anthu zabwino mumtima, ngakhale amene umadana nawo.

A Titsegule anakweza dzanja, koma pakamwa panali patayamba kale.

"Mwanawe, mwa zisanuzi, chogwira ntchito n'chiti?"

"Zimathandizana, agogo. Ena chimawagwira ndi ichi, ena icho."

"Ndiye kuti simudziwa."

"Ngakhale ophunzira kwambiri akufufuzabe."

"Sanatsegule bwino," anatero a Titsegule. Ndipo anatsimikiza mumtima kuti maphunzirowo awaphwasula okha, chidutswa ndi chidutswa, mpaka apeze kachitsulo kenikeniko. Masabata asanu ndi atatu si nthawi yotaya ndi zoperekeza.

Wokonza zinthu sagwira ntchito wopanda choyezera. Anakumbukira kuti kuseri kwa shelefu kunali kamakina koyezera bipi kamene munthu wina anakasiya kalekale osabweranso. Anakatengera kunyumba, n'kukatsegula pa tebulo lodyera, n'kukakonza ndi zala zokha, popeza maso anali atapita kutchuthi. Kanatsala kabawuti kamodzi monga mwa mwambo. Atadina batani, kamakinako kanang'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, lamba n'kuyamba kufufuma pang'onopang'ono, mwaulesi, ngati wokakamizidwa.

Manambala sakanawaona. Anaitana akazi awo.

"Mayi, tabwerani mundiwerengere. Mukhale apa. Ayi, apa. Mukaona nambala yapamwamba ndiye yaikulu, musasokoneze ndi yapansi, chifukwa inu mumati mukaona manambala awiri..."

Kamakina kanasiya kung'ung'udza. Lamba anaphwa. Akazi awo anakayang'anitsitsa nthawi yaitali ndithu.

"Kakana," anatero.

"Kakana chiyani?"

"Kakuti mwayankhula."

"Kalemba choncho?"

"Kalemba choncho. Yambiraninso."

A Titsegule anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Munthu ukhoza kukangana naye mpaka dzuwa kulowa, koma makina akakana akana. M'moyo wawo wonse sanamverepo mfumu, m'busa kapena apongozi, koma makina ankawapatsa ulemu. Anadinanso batani n'kukhala duu. Akazi awo anawerenga: 180.

Kamakinako kanaoneka kuti n'kovuta kuposa apongozi. Kankakana akagwedeza phazi. Kankakana akatsokomola. Tsiku lachitatu kanakana chifukwa chong'ung'udzira kukhosi, ndipo tsiku lachinayi akazi awo anati kalemba kuti munthu azikhala kaye chete mphindi zisanu asanadine batani.

"Kagalasi kakang'onong'ono kameneka kalemba zonsezo?"

"Kamalemba mothithikana."

Motero kafukufuku anayamba. Sabata iliyonse njira imodzi yokha, kuyeza asanayambe, kuyezanso atamaliza, m'mawa, masana ndi madzulo.

Sabata yowerenga mpweya inatha ndi mkangano. Akafika pa seveni manambala ankawathawa, ndipo ankayamba kufufuza amene wawasokoneza. Kenako panabuka funso loti kodi kulowa ndi kutuluka ndi mpweya umodzi kapena iwiri. Anakangana okha mpaka thukuta. Akazi awo anawerenga 185.

Sabata yoyendera thupi inawapezera matenda atsopano. Kuchala chachikulu anapezako kuyabwa kumene sankakudziwa. M'kakolo anamvamo kulira ngati kwa chitseko. Pabondo anaima masiku atatu, akulisisita ndi kunong'ona kuti likanakhala la munthu wina akanalitsegula. Paliwombo sanafikepo.

Sabata yoyenda pang'onopang'ono anaganiza zochitira pamsewu wa kushopu, popeza m'nyumba munali mipando yambiri. Ankanyamula phazi ngati bilimankhwe, kuliimika m'malere, kulitsitsa mwaulemu, nkhope ili gwa. Wowotcherera anakweza chigalasi chake chakumaso n'kuponya zitsulo pansi.

"Telala! Thamanga! Mdala wagwidwa sitiroko!"

"Ndisiyeni, ndikusinkhasinkha!"

"Wayamba kubwebweta! Gwira miyendo!"

Anawanyamula pa wilibala. Anafika nawo mpaka pa mphambano, a Titsegule akutukwana mayina a makolo a wowotcherera mmodzimmodzi osaphonya. Apo telala anati munthu wa sitiroko sangakumbukire bwino chotero, ndipo anawatsitsa.

Mtedza wokha ndi umene unaonetsa nzeru pang'ono. A Titsegule anali atatsala ndi mano anayi osayang'anizana, choncho njereyo inkazemba uku ndi uku m'kamwa ngati khoswe m'nkhokwe. Kuisaka kunkatenga theka la ola, ndipo nthawi yonseyo m'nyumba munali zii. Akazi awo anati nambala yatsika ndithu, ndipo anakagula mtedza wina wouma kwambiri.

Kufunira adani zabwino kunagwera wowotcherera, popeza nkhani ya wilibala inali ikadali yaiwisi. A Titsegule anatseka maso monga anaphunzitsidwira. "Akhale ndi mtendere. Akhale ndi moyo wautali. Akhale wopanda mavuto. Magetsi ake azime." Ataona kuti mumtima mokha sizikufika, anapita kukamuuza pamaso.

"Iwe, ndakhala ndikukufunira zabwino masiku atatu. Wamvapo chiyani?"

"Palibe, mdala."

"Ndinadziwa. Ndiwe gonthi ndi mumtima momwe."

Tsiku limenelo akazi awo sanadikire n'komwe kuti lamba aphwe. Anati 200.

Koma m'kati mwa zonsezi munkachitika kanthu kena kamene a Titsegule sankakawerengera, poti sikanali pa mndandanda. Kuyeza kunali kutachuluka. Pofuna kutsimikiza, ankayeza kasanu ndi kamodzi, kenako kakhumi, kenako kakhumi ndi kawiri pa tsiku. Ulendo uliwonse mphindi zisanu za chete, kenako kung'ung'udza kwa kamakina, lamba kufinya, mtima kugunda pamkono ngati mlendo wogogoda mwaulemu, lamba kumasula. Mu chete ameneyo anayamba kumva zinthu zimene zinali m'nyumba mwawo zaka zonsezi: singano zolukira zikugundana, mpopi wa kukhitchini ukudontha, akazi awo akupuma.

Ndipo akazi awo anayamba kumaliza ziganizo. Ankadikira lamba afufume, n'kuyamba. Anamaliza nkhani ya amene anakumana naye pamsika zaka zisanu zapitazo, ndipo sanali munthu amene a Titsegule ankamuganizira. Ananena kuti makatani obiriwira a pabalaza sanawakondepo chiwagulireni. Tsiku lina masana, singano zili kakaka, anati:

"Mukukumbuka tsiku lija munabwera kwathu kudzakonza wailesi ya bambo anga? Munavala malaya oyera, kolala itapsa ndi simbi. Wailesi ija sinawonongeke ayi. Ndinazula kawaya ndine. Ndinakuonani mukudutsa ndi chikwama chanu kawiri konse, ndiye ndinati ameneyu akapanda kuitanidwa adzangodutsa mpaka kukalamba."

A Titsegule anafufuma kuposa lamba. Zaka makumi anayi ndi chimodzi akhala akusimba za wailesi imeneyo, kuti inali ndi matenda ovuta amene amisiri atatu anawalephera. Mawu anadzaza m'kamwa mpaka m'masaya. Koma kamakina kanali pakati pa ntchito. Anameza. Pomwe lamba amaphwa, mawuwo anali atasungunuka, ndipo chotsala chinali kolala yopsa ija, ndi mtsikana amene anawapatsa madzi m'kapu yosweka khutu.

"160," anatero akazi awo. "Yatsika."

Sabata yachisanu ndi chiwiri anachotsa njira zonse zisanu, monga mmisiri amachitira pofuna kutsimikiza. Sanawerenge mpweya, sanasake mtedza, sanafunire aliyense zabwino. Ankangoyeza basi. Manambala anatsikiratsikira. Lachinayi anapita kuholo ali wosokonezeka.

"Mwanawe, ndachotsa zonse m'kati, koma wailesi ikuyimbabe."

Mphunzitsi anawafunsa zimene amachita poyeza.

"Palibe. Ndimangokhala. Ndimamvetsera kamakina, ndimamva lamba, ndimamva mtima. Mawu akabwera ndimawauza kuti adikire panja."

"Kangati pa tsiku?"

"Kakhumi ndi kawiri."

Mtsikanayo anaseka mokweza koyamba, ndipo zinadziwika kuti mabatire ake anali bwinobwino. "Agogo, m'holo muno palibe amene akusinkhasinkha kuposa inu. Ngakhale ine."

A Titsegule anakhumudwa kwambiri. "Kuyeza si mankhwala. Sikelo sinenepetsa mbuzi." Ndipo anatuluka akugunda mikeka ya anzawo.

Tsiku la dokotala linafika. M'khonde la chipatala munali anthu ngati nyerere, mabenchi odzaza, ana akulira. Anadikira kuyambira m'mamawa. Cha m'ma leveni bambo wina wonunkhira mafuta odzola analowerera pamzere, ndipo a Titsegule, ngakhale sankamuona, anamununkhiza. Anamuphunzitsa mwambo wa mzere kuyambira pachiyambi cha dziko. Dzina lawo litaitanidwa, anali akadali pakati pa phunzirolo.

Namwino uja anawamanga lamba. Makina a chipatala anali achangu, opanda ulemu: fuu, psii, basi.

"178. Agogo, mwakhala mukutani masabata onsewa?"

"Kafukufuku."

"Ndiyezanso kamodzi pakatha mphindi khumi. Ikakana, tionana chaka chamawa."

Apo mpamene mantha anawagwira koyamba. Chaka chathunthu cha nkhungu. Shopu yotseka, timabawuti tikuchita dzimbiri m'chitini, kupereka moni kwa zithanki. Anayesa kuwerenga mpweya, unathawa pa folo. Anayesa chala chachikulu, chinayabwa. Anafunira zabwino bambo wa mafuta uja, mtima unagunda ngati ng'oma.

Kenako anamva zipi ya chikwama cha akazi awo ikutseguka, ndi kaphokoso kodziwika ka pulasitiki pa tebulo.

"Anamwino, mulole avale kamakina kawo kumkono winawu."

Namwino anakatenga. Anakatembenuza. "Koma amayi, kamenekatu..."

Akazi awo anatsokomola kamodzi.

"...kamenekatu n'kabwino kwambiri," anamaliza namwino. "Sitikhala nato kuno totere."

"Ndinakonza ndekha," anatero a Titsegule.

"Shh, kakana," anatero akazi awo.

Anakhala pakati pa malamba awiri ngati mkaidi wolemekezeka. Mphindi zisanu za chete. Kenako njuchi ya m'botolo ija inayamba nyimbo yake. Lamba wa kumanzere anafufuma mwaulesi wake. Phokoso la m'khonde linapita kutali, bambo wa mafuta anabwera m'maganizo n'kuuzidwa kuti adikire panja. Pafupi ndi khutu lawo singano zinayamba kakaka, poti mayiwo anali atabweretsa ndi zolukira zomwe. Sanamve n'komwe pamene namwino anadina makina ake kumanja.

"142," anatero namwino. "Dzukani, agogo, dokotala asanasinthe maganizo."

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Titsegule anaona maso awo omwe. M'mawa mwake atawachotsa bandeji, kuwala kunalowa ngati madzi otsegulidwa pampopi, ndipo chinthu choyamba kuoneka chinali nkhope ya akazi awo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Nkhungu isanabwere anawasiya ndi tsitsi lakuda lokhala ndi imvi apo ndi apo.

"Mayi, ndani wakuthirani phulusa kumutuku?"

"Ndinu. Pang'onopang'ono."

Atafika kunyumba anayendera chilichonse ndi diso latsopanolo. Makatani obiriwira analidi oipa. Madzulo dzuwa likupendeka anakhala pa tebulo, popeza diso lachiwiri linali kudikira chaka chamawa ndipo bipi inafunika kuisunga. Anamanga lamba, n'kukokera kamakina pafupi kuti kwa nthawi yoyamba adziwerengere okha.

Kagalasi kanali bii. Kanali ndi mng'alu kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo m'kati mwake munagona kamphemvu kouma, miyendo m'mwamba. Anadina batani. Njuchi inalira, lamba anafufuma, anaphwa. Pagalasi sipanaoneke kanthu, ngakhale kadontho. Diso la mmisiri linaona pomwepo kuti kagalasiko kanafa zaka zambiri zapitazo, mwina mwini wake asanakabweretse n'komwe.

Anatembenuka. Akazi awo anali pampando wawo, maso pa juzi, singano zikuyenda mofulumira kuposa masiku onse.

Dzanja la a Titsegule linapita lokha m'thumba la malaya, momwe munkakhala sikuludiraiva. Ntchito yake inali yochepa: timabawuti tinayi, kagalasi kena, mawaya awiri. Pofika mawa kamakinako kakanayamba kunena zoona.

"Titse..." anayamba.

Singano zinaima.

Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu. Anakatembenuza kamakinako kuti kayang'ane kwa akazi awo, monga kankakhalira masabata onse aja, n'kukonza lamba pamkono.

"Tandiwerengerani, mayi. Disoli silinazolowere."

Mayiwo anaika zolukira pamiyendo. Anaweramira pa kagalasi kakufako, n'kukayang'anitsitsa mofatsa ngati kalata yochokera kutali.

"Kakana," anatero. "Mwayankhula. Yambiraninso."